Ku Cambodia pa bajeti ya madola 25 patsiku

Lolemba usiku, Phnom Penh

Ndafika abale. Amene mwakhala mukundifunsa ngati holide ino ndikubwera kumudzi, yankho ndi lomwe lija, tikiti ya ndege yochoka ku Vietnam kukatera pa Chileka ikudya malipiro anga a uphunzitsi a miyezi ingapo, ndiye ndangoti bola ndikaone kwa oyandikana nawowa. Ndadziikira malire, madola 25 patsiku, kugona, kudya, kuyenda zonse momwemo, kupatula matikiti a akachisi omwe ndawaika mu envulopu yakeyake kuti ndisawakhudze.

Basi inanyamuka m'mamawa ku Ho Chi Minh City. Boda yake mbali ya Vietnam ndi Moc Bai, mbali inoyi ndi Bavet, viza ya alendo madola 30, koma kondakitala anatolera mapasipoti onse nkuwonjezerapo kakekake ati ka thandizo, ndipo palibe anatsutsa poti aliyense amaopa kusiyidwa pa boda. Ukangodutsa geti zoyamba kuona ndi nyumba za juga, zimphona zenizeni, kenaka mwadzidzidzi minda ya mpunga yokhayokha, fulati mpaka komwe maso alekezera, migwalangwa apo ndi apo, ng'ombe zoyera zowonda. Tinawoloka Mekong pa mlatho wa ku Neak Loeung womwe anamanga ndi ndalama za Japan nkuutsegula mu 2015, kale magalimoto ankachita kudikira pantoni.

Za ndalama ndikuuzeni lero lomwe chifukwa zandizunguza mutu. Kuno amagwiritsa ntchito ndalama ziwiri nthawi imodzi, dola ya America ndi riel yawo, ndipo pamsika dola imodzi amaiwerengera ma riel 4,000. Ukagula madzi nkupereka dola, chenje chimabwera mu riel. Koma dolayo ikhale yosalala, ikangong'ambika kakona kapena kuthimbirira, mayi wogulitsa amaiyang'ana padzuwa, nkukubwezera akumwetulira, osakwiya ayi, koma osalandiranso.

Bedi ndapeza ya madola 6 mu hositelo, chipinda cha anthu ambiri, fani ikulira ngati ithothoka. Madzulo ndinakakhala m'mbali mwa mtsinje pa Sisowath Quay pomwe Tonle Sap amakumana ndi Mekong, azimayi akuluakulu ali pamzere kuvina masewero olimbitsa thupi ndi sipika yawo, ana akuthamangitsa nkhunda, amonke a nsalu za olenji akujambulana pafoni. Tiana tiwiri tinabwera kudzandigwira pamkono nkuyang'ana zala zawo kkkk. Dziko la Malawi palibe akulidziwa, wina anati Malaysia, ndangovomera kuti Africa basi.

Lachiwiri

Lero sindikudziwa ndiyambira pati.

M'mawa ndinadya bai sach chrouk pamsewu, mpunga ndi nkhumba yootcha pamakala yodula mopyapyala, tinkhaka ta viniga ndi kambale ka msuzi, ma riel 6,000. Ndinayenda wapansi kupita ku Tuol Sleng, ndende yakale yomwe pano ndi malo achikumbutso, kulowa madola 5, ka wailesi kofotokozera kovala kumakutu enanso 5, ndipo ngati pali poti musaumire ndi pamenepa, tengani kawailesiko.

Chimene chinandigwira choyamba nchoti malowa ndi sukulu. Sukulu yeniyeni ya sekondale, mabuloko ansanjika, makonde aatali, bwalo la udzu pakati, mitengo ya maluwa. Ine ndine mphunzitsi, ndikalowa mkalasi maso amathamangira pomwe pali bolodi. Apa pakati pa kalasi pali bedi yachitsulo yopanda matilesi, chitsulo chomangira miyendo chili pomwepo, ndi kabokosi ka zipolopolo komwe mkaidi ankadzithandiziramo. Pakhoma pali chithunzi cha momwe anapezera mtembo pabedi yomweyo mu Januwale 1979. Matailosi apansi ndi omwe aja a m'chithunzimo, achikasu ndi oyera, ndipo waima pomwepo. Anthu 14 omaliza amene anawapeza atafa anaikidwa pabwalo panja, manda oyera ali pamzere.

Kwa amene nkhaniyi simukuidziwa. A Khmer Rouge, chipani cha chikomyunizimu cha Pol Pot, dzina lake lenileni Saloth Sar, analowa mu Phnom Penh pa 17 Epulo 1975 patatha zaka za nkhondo yapachiweniweni yolimbana ndi boma la Lon Nol, yemwe analanda boma kwa Sihanouk mu 1970, kwinaku ndege za America zitaphulitsa midzi kuyambira 1969 mpaka 1973. Anthu ambiri anatuluka kukawalandira poganiza kuti nkhondo yatha. Tsiku lomwelo anawauza kuti aliyense atuluke mumzinda, ati America ikubwera kudzaphulitsa, mubwerera pakapita masiku ochepa. Anatulutsa ndi odwala omwe m'zipatala. Anathetsa ndalama, misika, sukulu, chipembedzo, dziko analitcha Democratic Kampuchea, ndipo wolamula sankatchulidwa dzina, ankangoti Angkar, bungwe. Aliyense kumunda. Pofika pa 7 Januwale 1979 pomwe asilikali a Vietnam anawathamangitsa, anthu pakati pa 1.5 ndi 2 miliyoni anali atafa, m'dziko la anthu pafupifupi 8 miliyoni. Ena kuphedwa, ambiri njala, matenda ndi ntchito yakalavula gaga.

Sukuluyi anaisandutsa ndende yachinsinsi, S-21. Buloko yachiwiri ndi zithunzi zokhazokha, nkhope mazanamazana, poti aliyense wolowa ankamujambula ndi nambala pachifuwa. Wina diso lotupa, wina akuoneka ngati akufuna kumwetulira chifukwa mwina kanali koyamba kuima kutsogolo kwa kamera, mayi wanyamula khanda. Ndinaima nthawi yaitali pa kamnyamata kena ka msinkhu wa ana anga a mkalasi, kolala ya shati yopindika mbali imodzi. Buloko yachitatu anaigawa tizipinda ta njerwa toti sungatambasule manja, ndipo khonde lonse anakuta ndi waya waminga kuti anthu asamadziponye pansi.

Khoti linapeza kuti anthu osachepera 12,000 anadutsa muno, ena amawerengera ochuluka kuposa apo, opulumuka ndi owerengeka pa zala. Ankawazunza mpaka avomere kuti ndi akazitape a CIA ya America kapena KGB ya Soviet Union, anthu akumudzi oti mawu amenewa sanawamvepo, kenaka atchule anzawo, anzawowo nkugwidwa nawonso atchule ena. Zonse zinkatayipidwa bwinobwino nkusungidwa mu mafayelo. Chum Mey anapulumuka chifukwa ankatha kukonza makina, Bou Meng ndi Vann Nath chifukwa ankatha kujambula nkhope ya Pol Pot. Ndipo ambiri mwa akaidi m'zaka zomaliza anali a Khmer Rouge okhaokha, chipani chikudzidya chokha.

Mkulu wa ndendeyi, Kaing Guek Eav, wodziwika kuti Duch, anali mphunzitsi wa masamu. Izi zandikhala pakhosi tsiku lonse. Anamupeza mu 1999 akukhala ndi dzina lina, atalowa Chikhristu.

Nditatuluka pageti madalaivala a tuk-tuk anandizinga, Killing Fields, Killing Fields, mtengo wabwino. Ndinangopukusa mutu. Chakudya chamadzulo sindinadye, ndagula kokonati basi.

Lachitatu

Ku Choeung Ek, komwe madalaivala aja amati Killing Fields, ndi makilomita ngati 15 kummwera kwa mzinda. Ndinagawana tuk-tuk ndi mtsikana wina wa ku hositelo kuti mtengo utsike, tinayitana pa PassApp, apu ya pafoni yomwe imakuonetseratu mtengo, palibe zokanganirana. Kulowa madola 6 ndi kawailesi komwe.

Kale unali munda wa zipatso komanso manda a Matchaina. Akaidi a ku S-21 ankabwera nawo kuno usiku pa thiraki, atamangidwa kumaso, atauzidwa kuti akusamukira nyumba ina. Zipolopolo ankaziumira, ndiye ankagwiritsa ntchito makasu, nkhwangwa, zitsulo za ngolo, ngakhale phesi la tsamba la mgwalangwa lomwe m'mbali mwake muli mano ngati sowo, ndinaligwira ndi chala, ndi lakuthwadi. Pamtengo wina ankapachikapo sipika ya nyimbo za chipani, jenereta ikulira, kuti oyandikira asamve kukuwa. Mu 1980 anafukula maenje 86 mwa 129, mitembo 8,895. Dzenje lina munali anthu 450, lina 166 opanda mitu. Pali mtengo wina waukulu pafupi ndi dzenje la amayi ndi ana, alendo amangirirapo tizibangiri ta ulusi tambirimbiri, zomwe zinkachitika pamtengopo sindilemba.

Malowa ndi obiriwira, nkhuku zikupalasa, kuseri kwa mpanda ana a sukulu akusewera. Mvula ikagwa nsanza za zovala ndi tizidutswa ta mafupa zimatulukabe m'dothi, ogwira ntchito amatola nkuika mu bokosi lagalasi. Pakati pali nsanja yomwe anamanga mu 1988, umavula nsapato nkulowa, zigaza zoposa 5,000 zosanjidwa mashelefu mpaka kudenga.

Pobwerera tinaima kudya kuy teav, supu ya manudozi a mpunga, ndipo ndinamugulira dalaivala wathu mbale. Kuno munthu wokuposa pang'ono umamuitana kuti bong, mkulu wanga, ndiye ndinati bong, inu makolo anu anali kuti nthawi imeneyo. Chingerezi chake chochepa koma tinamvana. Iye anabadwa nkhondo ya Pol Pot itadutsa. Mayi ake anali mu gulu la achinyamata lokumba ngalande, ankalandira chikho cha phala la mpunga lamadzimadzi loti njere umachita kuziwerenga, mpunga womwe akolola okha ukunyamulidwa pa ngolo kupita kwina. Achimwene a mayi akewo anatengedwa usiku chifukwa chokumba mbatata. Ndipo amene anawatenga aja akadali moyo, nkhalamba tsopano, mudzi womwewo, amakumana kukachisi pa Pchum Ben, nthawi yomwe anthu amapereka chakudya kwa amonke pokumbukira akufa awo. Ndinati nanga mayi anu amatani akawaona. Anati amadutsa mbali ina ya msewu, nkupitiriza kudya supu yake.

Apa ndiye ndinamvetsa chifukwa chake nkhani ya khoti anthu kuno amaikamba mozizira. Khoti lapadera lomwe boma linakhazikitsa pamodzi ndi United Nations linadya madola oposa 300 miliyoni nkupeza olakwa anthu atatu okha. Duch mu 2010, kenaka akuluakulu a chipani Nuon Chea ndi Khieu Samphan mu 2014 ndi 2018. Mkulu wina, Ieng Sary, anamwalira mu 2013 mlandu uli mkati. Pol Pot anafera kunkhalango ku Anlong Veng mu 1998 osaimapo pa khoti limeneli. Hun Sen, amene analamula kuyambira 1985 mpaka kusiyira mwana wake Hun Manet mu 2023, nayenso anali msilikali wa Khmer Rouge asanathawire ku Vietnam mu 1977, ndipo mu 1998 ananena poyera kuti ndi bwino kukumba dzenje nkukwirira zakale. Chinanso chondinyansa, atathamangitsidwa kale a Khmer Rouge anapitiriza kukhala pampando wa Cambodia ku United Nations zaka zonse za m'ma 1980, chifukwa America ndi China sankafuna boma loikidwa ndi Vietnam. Maenje atafukulidwa kale, zithunzi dziko lonse litaona.

Lachinayi, Siem Reap

Tsiku la mu basi, makilomita oposa 300, maola ngati 6, ezikoni yozizira ngati mochare ndi nyimbo za karaoke pa TV. Tinaima pa Skun pomwe amagulitsa akangaude okazinga, akuluakulu aubweya, odzaza beseni, pambali nkhululu ndi ziwala. Azungu a mu basi ali kukuwa nkumajambula, ine wokulira ngumbi ndinangoti ming, ndiye kuti azakhali, ndipatseni awiri. Miyendo imakhukhuluzika bwino, adyo, mchere ndi kashuga, koma chimimba chake ndi phala lofiirira losakoma, wachiwiriyo ndinadya miyendo yokha. Ena amati anthu anazolowera kudya zimenezi nthawi ya njala ija.

Siem Reap ndi tauni yokhalira alendo. Bedi madola 5 ndipo hositelo yake ili ndi dziwe losambira, tangoganizani. Pa Pub Street mowa wa pampopi ndi masenti 50 koma chakudya chake ndi cha mitengo ya azungu, ndiye ndinawoloka kamtsinje nkukadya komwe kunali njinga zamoto zambiri za eni dziko. Ndagula tikiti ya Angkor, malo a akachisi akale pafupi ndi tauniyi, tsiku limodzi madola 37, masiku atatu 62, sabata 72, ndatenga yapakatiyo, envulopu yapepuka nthawi imodzi. Amakujambula nkhope nkuiika pa tikitipo ndiye zobwerekana palibe. Eni dziko amalowa ulere, ndipo ine ndikuona kuti nzoyenera. Njinga yakapalasa ndabwereka ya madola 2, yabasiketi kutsogolo, mabuleki akumbuyo okha.

Lachisanu

Ndinadzuka 4 koloko nkupalasa mumdima, tochi ya foni mu basiketi, ma tuk-tuk akundipitirira mbali zonse. Zoti mukaone dzuwa likutuluka pa Angkor Wat aliyense amakuuzani, chomwe sakuuzani nchoti mukakhala anthu masauzande pa kadziwe kamodzi, mafoni m'mwamba, wina akukupondani, wina akukugulitsani khofi. Nsanja zija zinayamba kuoneka zakuda kumwamba kukufiira, zokongola ndithu sindikana, koma ine ndinasangalala gulu litabwerera kukadya kumahotela, makonde nkutsala pululu.

Kukula kwake chithunzi sichingakuuzeni. Ngalande yamadzi yozungulira ndi mamita 190 mulifupi, yokumba ndi manja. Anamanga ndi mfumu Suryavarman II chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1100, poyamba anali kachisi wa Vishnu wa Ahindu, kenaka anasanduka wa Chibuda ndipo amonke sanamusiyepo, ndiye zija amati mzungu anatulukira Angkor m'nkhalango nzabodza, eni ake ankapempheramo nthawi yonseyi. Miyala yake inkachokera ku phiri la Kulen, makilomita makumi angapo. Makoma onse ndi osema. Pali khoma lina lalitali pafupifupi mamita 50, milungu mbali ino ziwanda mbali iyo akukokana chinjoka chomwe chakulungidwa paphiri, ati akuvundula nyanja ya mkaka kuti atulutse mankhwala a moyo wosatha. Ndiye pali akazi osemedwa pafupifupi 1,800, aliyense tsitsi lake, ndolo zake, mmodzi ndinamupeza akuseka mano ali pamtunda.

Kukwera pamwamba penipeni masitepe ake ndi oimirira, ndipo amabweza aliyense amene mapewa kapena mawondo ali poyera. Ine ndinali nditagula krama, kansalu ka mabokosimabokosi komwe aliyense kuno ali nako, amapukutira thukuta, kumanga kumutu, kuberekera mwana.

Pofika 11 koloko dzuwa linali loti mwala ukuotcha kudzera mu nsapato. Ndinagona pansi pa mtengo pafupi ndi mayi wogulitsa chinanazi, kamwana kake kakundiwerengera manambala m'zilankhulo zingapo kuti ndigule mapositikhadi. Sindinagule, ndinagula chinanazi kwa mayi ake.

Loweruka

Miyendo ikuwawa koma lero ndiye tsiku landikomera kuposa onse.

Angkor Thom ndi mzinda wampanda, umalowera pageti lomwe pamwamba pake pali nkhope zinayi zoyang'ana mbali zonse, njinga, magalimoto ndi anyani tonse kudutsa pa kakhomo kamodzi. Zifanizo zambiri za pamlatho wolowera zilibe mitu kapena zili ndi mitu yatsopano ya simenti, yakale inadulidwa nkugulitsidwa kunja m'zaka za nkhondo, zina zayamba kubwezedwa kuchokera ku America ndi ku Britain. Pakati pa mzindawu pali Bayon, kachisi wa Jayavarman VII amene analowa ufumu mu 1181 atathamangitsa a Cham, adani a ufumu woyandikana nawo. Nkhope zamiyala zoposa 200, zonse zikumwetulira kumodzimodzi, kulikonse ungatembenukire ina ikukuyang'ana.

Koma ine zanga zinali pansi, pakhoma lakunja. Pamwamba asema nkhondo ya pamadzi, ng'ona ikugwira msilikali wogwa m'bwato. M'munsi mwake asemamo anthu wamba, azibambo akumenyanitsa atambala ena akubetcha, mayi akugulitsa nsomba, wina akuchira azamba atamuzungulira, wina akupha nsabwe m'mutu mwa mnzake, nyama ikuwotchedwa pa timitengo. Ngolo ya ng'ombe yomwe ili pakhomapo ndi yomweyo ndinaiona pamsewu Lachinayi. Mfumu yomweyi inamanga zipatala 102 m'dziko lake, ndi Ta Prohm mu 1186 pokumbukira mayi ake, kachisi uja mitengo inamera pamwamba pa makoma mizu nkutsika ngati ikusungunuka. Anthu amaima pamzere kujambulitsa pa muzu umodzi chifukwa unaoneka mu filimu ina ya ku America, pomwe ukangokhota kawiri uli wekha ndi mbalame. Mwala wolembedwa wa pamenepo umati anthu pafupifupi 80,000 a m'midzi ankagwira ntchito yodyetsa kachisi mmodzi yekhayu.

Nambala imeneyo inandipangitsa kupalasa mpaka ku West Baray madzulo, komwe alendo ambiri safika. Ndi dziwe lokumbidwa ndi anthu, makilomita 8 mulitali, 2 mulifupi, la zaka za m'ma 1000, mpaka lero muli madzi, mabanja amabwera kudzasambira nkudya nkhuku yootcha. Nditakhala pa chigulu chake ndinaona kuti Angkor yense ndi nkhani ya madzi ndi mpunga, akachisi aja ndi zotsala za mpunga wochuluka womwe wina analima, wina nkutolera. Dziko lino madzi ake ndi odabwitsa kale, nthawi ya mvula Mekong amadzaza mpaka kukankha mtsinje wa Tonle Sap kuti uyende chobwerera m'mbuyo, nyanja ya dzina lomwelo nkukula kangapo, madzi akamaphwa nkusiya nsomba ndi nthaka yachonde. Nsomba zake ndi zomwe amapangira prahok, yovunditsa ndi mchere, fungo lake lokugwetsa koma mu ndiwo imakoma.

Ndiye a Pol Pot ankayang'ana zomwezi. Mbendera yawo inali yofiira, pakati nsanja za Angkor zachikasu. Ankati makolo athu anatha, ifenso titha, nkulamula matani 3 a mpunga pa hekitala paliponse, nthaka yabwino kapena yoipa, anthu akumbe madamu ndi ngalande ndi makasu ndi madengu, mainjiniya atawapha kale kapena akubisa kuti anapita kusukulu. Akuluakulu a m'zigawo poopa kunena kuti zokolola zaperewera ankatumiza mpunga wonse kulikulu, olima nkumamwa madzi a phala aja amanena bong dalaivala uja. Kachisi yemweyu ali pa mbendera ya lero, ali pa ndalama, ali pa botolo la mowa. Dzulo ndimangoti kukongola, lero ndikumafunsanso kuti amene ananyamula miyalayi ankadya kangati patsiku.

Lamulungu

Ndapumitsa njinga. Ndinapita ku malo a bungwe la APOPO kukaona makoswe ofufuza mabomba okwirira, ndipo abale nditangomuona woyamba ndinaseka ndekha, ndi bwampini! Yemwe uja wa matama otolera chakudya, mchira woyera kunsonga. Amawaphunzitsira ku Morogoro ku Tanzania nkubwera nawo pandege, ndipo asanafike kuno anagwira ntchito yomweyi ku Mozambique, dziko lomwe linalengeza mu 2015 kuti lathana ndi mabomba okwirira. Amamuveka kalamba, chingwe pakati pa anthu awiri, iye nkumayenda uku ndi uku akununkhiza, akamva fungo la onga amapalasa pansi, kachitsulo nkulira kuti keche, amalandira nthochi. Ndi wopepuka moti bomba siliphulika akaliponda, ndipo salabadira zitsulo wamba zomwe zimachedwetsa makina. Mmodzi dzina lake Magawa anapatsidwa mendulo ya golide ku Britain mu 2020, anafa mu 2022. Anandilola kumunyamula wina, wolemera bwino, ndevu zikundigirigisha pakhosi. Nditamuuza wotiperekeza kuti kwathu ameneyu ena amamuona ndiwo anandilanda msangamsanga kkkk.

Kuseka kuseka koma mabombawa ndi enieni. Anakwiriridwa ndi mbali zonse mpaka m'ma 1990, makamaka chakumalire ndi Thailand, ndipo panjira zolowera akachisi mumapeza magulu a azibambo oduka miyendo ndi manja akuimba zing'wenyeng'wenye zachikhalidwe, mwendo wapulasitiki atautsamiritsa pambali. Amenewo ndimawaponyera kangachepe. Zomwe ndakana ndi za dalaivala wina amene amafuna kunditengera ku nyumba ya ana amasiye kuti ndikajambule, zikwangwani zili ponseponse mutauni zochenjeza kuti ana si malo okaona alendo, ambiri mwa anawo makolo ali nawo.

Madzulo ndadziphera amok, nsomba yophika mu mkaka wa kokonati m'kambale ka tsamba la nthochi, madola 4, bajeti yalira koma sindikudandaula.

Lachiwiri, Battambang

Dzulo sindinalembe, netiweki inali yovuta komanso ndinafika wotopa. Battambang ndi tauni yofatsa, nyumba zakale za nthawi ya Afalansa m'mbali mwa mtsinje wa Sangker, ndipo chigawo chimenechi ndiye nkhokwe ya mpunga ya dziko lonse. Chomvetsa chisoni nchoti nthawi ya Pol Pot njala inapha kwambiri komwe kuno, chifukwa anthu ochoka m'mizinda anawathira kuno ambirimbiri nkuyembekezera zokolola zosatheka. Damu la Kamping Puoy lomwe lili kunja kwa tauni linakumbidwa ndi manja nthawi imeneyo, anthu ochuluka anafera pomwepo, lero likuthirira minda ndipo achinyamata amapita kukacheza Loweruka.

Ndinakwera sitima ya nsungwi, amaitcha norry, kathandala pa mawilo achitsulo ndi kainjini kakang'ono, mukakumana ndi ina panjanji yomwe ili ndi katundu wochepa amaiphwasula nkuiika pambali. Pano ndi ya alendo basi, ngati ndalama zathina mutha kuidumpha.

Phnom Sampeau ndiye musadumphe. Ndi phiri lamiyala makilomita ngati 12 kuchoka mutauni, ndinakwera wapansi kupulumutsa ndalama ya njinga yamoto, thukuta kamukamu, anyani akulondalonda botolo langa. Pamwamba pali akachisi, ndipo kumbali kuli phanga lobooka kudenga komwe ankakankhira anthu. Pansi pake pali Buddha wogona ndi kanyumba kagalasi ka mafupa. Agogo ena aakazi ometa mpala, ovala zoyera, amakhala pamenepo kumangirira alendo ulusi wofiira pamkono. Ndinagwada, manja pamodzi, nkuti arkun yeay, zikomo agogo, anandigwira tsaya nkulankhula zambirimbiri zomwe sindinamve, nkuseka. Msinkhu wawo ndi woti 1975 anali mtsikana wamkulu kale. Kuno ndayamba kuchita masamu amenewa pa nkhalamba iliyonse, ndipo sungadziwe kuti inali mbali iti.

Chakumadzulo tinakhala pamipando yapulasitiki m'munsi mwa phiri kudikira mileme. Imatuluka kuphanga lina ngati utsi, mzere wakuda wokhotakhota kulowera kuminda ya mpunga kukadya tizilombo, mphindi 30 osaduka, fungo lake ndiye musafunse.

Pano ndikulemba ndili pa bedi koma tulo palibe. Msewu wa kutsogolo kwa nyumba yogona alendoyi autseka ndi tenti ya pinki, kuli ukwati, masipika aunjika mulu wotalika kuposa ine ndipo akuti ayamba 5 koloko m'mawa. Mwini nyumba wabwera kawiri kudzagogoda, ati oun, ndiye kuti wamng'ono, tiye ukadye, mkwati ndi mwana wa achemwali anga, mkwatibwi wasintha kale zovala kangapo uzikaona. Ndafunsa mnyamata wa pa kauntala kuti mlendo amapereka zingati, akuti ndalama umaika mu envulopu ndipo pakhomo pali munthu wolemba dzina ndi kuchuluka kwake mu kope. Basi ya ku Phnom Penh ndi 7 koloko m'mawa, ndatsala ndi madola 31 ndi ma riel odzaza thumba. Ndaika 10 mu envulopu ija inali ya akachisi, ndikusaka shati yomwe ilibe fungo la mileme.